Lachinayi Kuseri kwa Golosale

Tinafika ku Mzuzu mwana wanga ali kumsana, ndipo anakhala kumsana komweko zaka zambiri kuposa ana ena. Bambo ake anali atapeza ntchito yoyendetsa lole ya matabwa, ndiye tinachoka kwathu ku Ntcheu n'kudzachita lendi ku Zolozolo, kumunsi kwenikweni, kumene msewu umathera n'kusanduka kanjira kotsetsereka kopita kudambo. Mvula ya kuno sinkadziwa kuleka. Inkawaza m'mawa, n'kupumako masana, n'kubwereranso, mpaka miyezi imene kwathu anthu amakhala atakolola kale. Matewera sankauma. Chitumbuka sindinkachimva kupatula "yewo", zikomo wa kuno, ndipo mawu amenewo ndinkawanena paliponse, poyenera ndi posayenera pomwe.

Mwanayo, wamwamuna, anabadwa movutikira ndipo anachedwa kulira. Anzake atayamba kukhala pansi, iye khosi linali lendelende. Anzake atayamba kukwawa, iye ankangogona chagada, manja atakunga zibakera, miyendo itapingasana. Kuchipatala cha kwathu anandiuza kuti ubongo unavulala pobadwa ndipo palibe jakisoni wake. Achibale anali ndi mafotokozedwe awoawo. Pofika kuno ndinali nditatopa ndi kuyankha mafunso, choncho ndinaleka kutuluka naye. Ndikamapita kukatunga madzi, ndinkamugoneka pamphasa, n'kumutchinga ndi mapilo, n'kutseka chitseko.

Pamwamba pa kanjira kathu panali golosale. Mwini wake anali bambo wachisilamu wa ku Mangochi, munthu wofatsa, wa kofia yoyera, yemwe nthawi zambiri ankakhala ali m'tauni kukaoda katundu. Pakauntala pankakhala mkazi wake, mayi wamfupi wa mawu aakulu, mpango utakuta mutu ndi khosi. Ankalankhula Chichewa cha kumwera, ndipo akati "achemwali" ndinkamva ngati ndayandikira kwathu.

Tsiku lina ndinagula sopo n'kumuiwala pakauntala pomwepo chifukwa chothamangira mwana. Ndili mkati momusintha, ndinangomva "Odi!" pakhomo. Anali mayi uja, sopo ali m'manja, matope ofiira mpaka m'akakolo. Ndinalibenso mpata womufunditsa mwanayo.

Anavula masilipasi, n'kulowa, n'kugwada pamphasa. Sananene kuti pepani, monga ankachitira aliyense womuona koyamba. Anangotenga dzanja lake n'kuyamba kutambasula zala chimodzichimodzi, pang'onopang'ono, uku akumuyang'ana m'maso.

"Mumamugoneka chagada tsiku lonse?" anafunsa.

"Eee."

"Ayi, achemwali. Azigonako chafufumimba. Mukulunge kathaulo, muike pansi pa chifuwa, adzutse mutuwu aone dziko. Denga lokhalokha latopetsa bamboyu."

"Inu mwadziwira kuti zimenezi?"

"Mubwere mudzaone wanga," anatero, n'kuika sopo pampando.

Ndinapita mawa lake. Kuseri kwa golosale kunali kachipinda kosungiramo katundu, ndipo pakati pa matumba a shuga ndi makatoni a machesi panali mtsikana wamsinkhu wopita kusukulu, atakhala pampando wa matabwa wokhala ndi kathebulo kutsogolo ndi lamba pachifuwa. Manja ake anali ngati a mwana wanga. Atationa anaseka mpaka mutu unagwera cham'mbali, mayi ake n'kuwuwongola ndi chikhatho osasiya kulankhula, monga munthu amawongolera nsalu.

Anandiuza kuti amapita naye kuchipatala chachikulu kukapanga mafizo, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira kuwongola manja ndi miyendo. Ndinafunsa kuti amafikako bwanji.

"Ife tili ndi golosale, timaitana takisi," anatero. "Nanga inu mukwera chiyani? Sakaramento?"

Sakaramento ndi njinga zakabaza za kuno. Mwana wosatha kukhala tsonga sungamukweze pamenepo, makamaka pa zitunda zathu zoterera. Tonse tinadziwa yankho. Kenako anati, "Basi, zimene ndikaphunzire kumeneko ndizidzakuphunzitsani kuno. Muzibwera Lachinayi. Lachisanu ine kumzikiti, Lamulungu inu kutchalitchi, Loweruka tonse kuchapa."

Umu ndi mmene zinayambira, azimayi awiri ndi ana awiri pamphasa, m'fungo la sopo ndi parafini. Kasitomala akagogoda, iye ankathamanga kukagulitsa n'kubwerera mwendo wa mwana wanga ndikadaugwira momwe anausiyira. Anali mphunzitsi wosaleza mtima kwa akulu koma woleza kwa ana. Ine ankandikalipira. "Mukukoka ngati mukuzula chinangwa! Dikirani, mnofu ulole wokha."

Pokatunga madzi ndinamva zimene anthu ankanena za banja lija: kuti mwanayo anamukhwimira kuti malonda aziyenda. Ndinkaganiza kuti mnzangayo sakudziwa. Tsiku lina, akumupatsa phala mtsikana wake, anazitchula yekha.

"Akuti ndinapereka mwana wanga kuti ndizigulitsa mchere ndi makandulo. Zikanakhala zoona, bwenzi golosale ili kakang'ono chonchi?"

Anaseka, koma supuni inaima m'malere nthawi yaitali.

Iye ndi amene anayamba kunena kuti sitili awiri okha. Pakauntala ankaona zambiri. Panali nyumba zimene zinkagula sopo wochapira kawirikawiri koma pakhomo sipaoneka khanda. Panali amayi omwe sankakhalitsa pamaliro kapena paukwati, nthawi zonse akuthamangira kunyumba. Koma ife awiri tinali obwera, ndipo nkhani yotere sungayambe nayo pakhomo la munthu m'chilankhulo chimene iye sapempherera. Tinapeza mnzathu wachitatu, mayi wachitsikana wobadwira m'Zolozolo momwemo, wogulitsa nthochi pamsewu komanso woimba kwaya. Mwana wake wamwamuna anali ndi matenda akugwa ndipo sankalankhula. Ameneyu ndiye ankatsogola pogogoda.

"Monire mose! Mwatandala uli?" ankayamba choncho ndi moni wa Chitumbuka, n'kucheza za mvula, za mtengo wa makala, mpaka afike pankhaniyo. Ife tinkangokhala pakhonde n'kumamwetulira. Ena ankatilowetsa. Ena ankatiyankhira pazenera. Bambo wina anaima pakhomo manja ali m'chiuno n'kunena kuti, "Muno mulije mwana," kutanthauza kuti muno mulibe mwana, pamene mwanayo ankamveka kubuula kuchipinda. Tinatsanzika mwaulemu. Patapita miyezi, mkazi wake anatulukira Lachinayi lina, atabereka mtsikana wamkulu ndithu, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo mwa mayi ake. Anaima pakhomo pa kachipinda kaja. Tinangosuntha kuti apeze malo.

Kachipindako kanayamba kuchepa. Bambo mwini golosale uja, osauzidwa ndi munthu, anasamutsira matumba kuchipinda chawo chogona. Mwamuna wanga sankakonda kukamba za mwana wathu, ngakhale ndi ine ndemwe. Koma tsiku lina anatsitsa zigwagwa, matabwa otsala pocheka aja, kuseri kwa golosale, n'kupita osalonjera aliyense. Kalipentala wina wapafupi anayang'ana mpando wa mtsikana uja mbali zonse, n'kutipangira ina yofanana nawo. Inali yokhakhala, ina yopendekeka, ndipo tinkaiyala zitenje zakale kuti isabaye. Tsiku limene mwana wanga anakhala pampando wake koyamba, anayang'ana kunja kudzera pakhomo n'kuona nkhuku ikudutsa. Anakuwa mokondwa mpaka kasitomala wina anasuzumira kufunsa ngati kwagwanji.

Ndimawasowa masiku amenewo kuposa mmene ndingafotokozere. Sikuti anali ophweka. Misana inkawawa, ana ankadwaladwala, ndipo panali Lachinayi lina limene tinkangokhala, wina akulira, ena tikumusisita. Koma m'kachipinda kaja munthu sunkafunika kufotokoza chilichonse. Mwana akadzionongera, wina ankangokupatsira beseni nkhani ikupitirira. Tinkamwa tiyi wa mandimu m'makapu osafanana. Wa kwaya ankatiphunzitsa nyimbo za Chitumbuka zoimbira ana powongola miyendo, ndipo mayi wa golosale ankaziphwanya mawu mpaka tonse kugwa nacho chiseko. Mwezi wa Ramadani iye sankamwa nafe, koma ankatithirirabe tiyi, ndipo tikachita manyazi ankati, "Imwani, kusala ndi kwanga, si kwanu."

Zimene tinkadziwa zinali zochepa, ndipo ena mwa ana ankafunika odziwa ntchitoyo. Tinalankhula ndi alangizi a zaumoyo a kusikelo, iwo n'kutilozera kuchipatala. Kumeneko anatilandira bwino, koma anati a mafizo ndi ochepa, ndipo kuti wina azibwera kwathu pafunika malo oyenera, osati mosungira katundu wa m'golosale. Tinapempha malo uku ndi uku. Aliyense ankati tibwere mawa.

Kenako tinamva kuti khansala waitanitsa msonkhano wa chitukuko pabwalo la sukulu, wokambirana za msewu ndi ngalande. Mayi wa golosale anati tipite tonse, ndipo tipite ndi ana.

"Pagulu?" anafunsa mayi wina. "Anthu onse aja akutiyang'ana?"

"Akhala akutinena osationa," anayankha. "Tsopano atione."

Ena anakana, ndipo sitinawakakamize. Ine ndinavomera. M'mawa wa tsikulo kunali nkhungu. Ndinamusambitsa mwana wanga, n'kumuveka juzi yake yabwino, n'kumubereka. Mwamuna wanga anali panyumba tsiku limenelo. Anandiyang'ana ndikumanga chitenje, n'kunyamula mpando wa zigwagwa uja pamutu, n'kutsogola.

Tinafika msonkhano utayamba kale. Azibambo anali pamabenchi, azimayi pansi chakumbuyo. Ife tinadutsa pakati n'kukayala mphasa kutsogolo kwenikweni. Tinamasula ana mmodzimmodzi, ena n'kuwakhazika pamipando yawo, ena n'kuwagoneka pamiyendo. Bambo amene ankalankhula za ngalande anaiwala pamene anafika. Panali zii, kupatula mtsikana wa pagolosale yemwe ankasekera khamu lonselo.

Itafika nthawi ya mafunso, mayi ake anaimirira.

"Zikomo akuluakulu. Ine nonse mumandidziwa, mumagula kwa ine. Ana awa si alendo. Ambiri anabadwira konkuno, kungoti simunawaonepo. Amene ali ndi galimoto amapita nawo ana otere kuchipatala. Akumunsi kudambo amawabereka, ndipo mvula ikagwa satuluka n'komwe. Sitikupempha zambiri. Tikufuna chipinda choti adokotala a mafizo azitipezamo. Tikufuna kanjira kotsetsereka kaja kakonzedwe, tisamagwe ndi ana kumsana. Ndipo amene angathe kuphunzira, sukulu iwatsegulire chitseko."

Wa kwaya anabwereza zonsezo m'Chitumbuka, n'kuwonjezerapo zakezake zimene zinaseketsa anthu. Kenako mayi wina wachikulire kumbuyo anaombera m'manja n'kunena mokweza kuti, "Yewo chomene, ŵamama." Ena anatsatira. Si onse. Ndinaona ena akuyang'ana kumbali, ena akunong'onezana.

Zinthu sizinasinthe tsiku limodzi. Chipinda tinachipeza, chomwe ankachitiramo sikelo, ndipo mayi wina wa mafizo anayamba kubwera kamodzi pamwezi, nthawi zina n'kulephera. Anatikonza zambiri zimene tinkalakwitsa, ndipo ana a matenda akugwa anawalembera kuti azikalandira mankhwala. Achinyamata a m'dera anasema masitepe pakanjira kaja n'kuika matumba a mchenga, mvula n'kukokolola, iwo n'kuikanso. Za sukulu zinatenga nthawi yaitali. Ankati makalasi ndi odzaza, zimbudzi n'zosayenera, ndipo zinali zoona. Pamapeto pake mphunzitsi wina anavomera kulandira ochepa m'kalasi mwake. Wanga anali m'gulu limenelo. Ndinkakhala naye kumbuyo kwa kalasi, mayi wamkulu pakati pa tiana, tikuimba a e i o u limodzi.

Mtsikana wa pagolosale sanafike kusukuluko. M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho anadwala chibayo. Ana otere chifuwa sichiwachitira chifundo. Anagonekedwa m'chipatala, tinkasinthana kupititsa chakudya, ndipo tinkaganiza kuti akuchira. Uthenga wa maliro unandipeza m'mawa ndikuchapa. Mwa mwambo wawo, anaikidwa tsiku lomwelo. Azibambo ananyamula maliro kupita kumanda, ife azimayi tinatsala pakhomo. Sitinkadziwa kuti pamaliro achisilamu tikhale bwanji, tiimbe kapena tisaimbe. Tinangofunda mipango n'kukhala ndi mayi wa mwanayo pamphasa, ana athu ali pamiyendo. Iye anatenga mwana wanga n'kumugoneka pachifuwa pake, n'kukhala naye choncho mpaka azibambo anabwerako.

Lachinayi lotsatira sitinapite, poganiza kuti timupatse mpata. Anatuma uthenga wokalipa: "Kodi miyendo ya anawo nayonso ili pamaliro?" Tinabwerera. Anapitiriza kutiphunzitsa ndi kutikalipira monga kale, koma nthawi zina ankaima pakati pa chiganizo n'kuyang'ana kukhoma. Mpando wa mwana wake anaupereka kwa mtsikana wa bambo uja amene anatikana pakhomo.

Chaka chotsatira mwamuna wake anayamba kudwala shuga, ndipo achibale anati abwerere kwawo. Anatiuza mochedwa, katundu atayamba kale kumangidwa. Tsiku lonyamuka tinamuperekeza kudepoti, amene tinatha. Ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndimuuze, koma basi itayamba kulira ndinangoti, "Muyende bwino, achemwali." Iye anatulutsa mutu pazenera n'kukuwa kuti, "Bamboyo musamusiye azikhala chopendekeka! Muzimuwongola chiuno!" Anthu m'basi anatembenuka kufuna kuona bambo wopendekekayo.

Gulu lija lilipobe, ndipo lakula. Masiku ano limakumana m'holo, lili ndi komiti, ndipo wapampando ndi wa kwaya uja, yemwe tsopano akalankhula pamsonkhano akuluakulu amakhala tcheru. Kumabwera amayi ochokera ku Mchengautuwa ndi ku Msongwe, ena atsikana ang'onoang'ono amene amauzana za tsiku lokumana pafoni. Azibambo nawonso amabwera, ochepa koma amabwera. Tinalandirako njinga za olumala, zabwino ndithu, ngakhale m'tinjira tathu zimayenda mwezi wa dzuwa wokha. Zambiri zikadali zovuta. Akumunsi akadali akumunsi. Koma mayi wobereka mwana wamkulu akamadutsa pamsewu, anthu amamupatsa moni n'kufunsa kuti mwana wadzuka bwanji, ndipo amayi atsopanowa amaona ngati zinali choncho kuyambira kale. Sindiwauza zambiri. Ndimakondwa kuti sakudziwa.

Ine ndimapitabe, koma ndimakhala chakumbuyo. M'holo muli malo ambiri, mawu amamveka patali, ndipo pamakhala ndondomeko ya zokambirana. Nthawi zina mayi watsopano akamakoka mwendo wa mwana wake mwamphamvu, ndimamva mawu akukwera kukhosi kwanga, aukali, osakhala anga. Ndimawameza, n'kupita kukagwada pafupi naye, n'kumuonetsa mofatsa. Kukalipa kuja kunkamukhala mwini wake yekha.

Mwana wanga tsopano ndi mnyamata wa ndevu zoyamba. Sayenda, koma amakhala tsonga, amadya yekha ndi supuni yokulungidwa nsalu pachigwiriro, ndipo amalankhula, pang'onopang'ono, mawu aliwonse ngati akuwakweza phiri. Chitumbuka amachidziwa kuposa ine. Ndili ndi benchi la tomato ndi anyezi pamsewu, ndipo iye amakhala pambali panga n'kumalonjera odutsa. Wina akapitirira osayankha, amamuitananso mpaka atembenuke.

Ndi mnzanga wa golosale uja timalankhulana pafoni, osati kawirikawiri. Mwamuna wake anamwalira. Iye akugulitsa zitumbuwa ndi mandasi pafupi ndi sukulu ina kwawoko, ndipo akuti kutentha kwa kumeneko sanakuzolowerenso, thupi linasanduka la ku Mzuzu. Amafunsa za ana onse mmodzimmodzi, ngakhale amene anatisiya, ndipo ndikamuuza amafunsa wotsatira. Ndikapereka foni kwa mwana wanga, amadikira mpaka amalize chiganizo chake chonse, ngakhale mayunitsi akutha.

Chaka chilichonse amati, "Mubwere nthawi ya mango, achemwali." Chaka chilichonse ndimavomera. Koma ulendo ndi wautali, mnyamatayu walemera, sindingathenso kumubereka, ndipo masitepe a basi ndi aatali. Kumusiya sindingathe, komanso kupita ndekha mnzangayo sangandilandire bwino, ndikudziwa. Bambo ake akuti mwina tsiku lina lole idzapeza katundu wopita kumwera, tidzakhale kutsogolo tonse atatu. Mango ayamba kale kuchita maluwa, ndipo chaka chinonso ndamuuza kuti tibwera.